Matope a mu injini ya lole yakale: yambani mwatsuka, za mphamvu zibwere pambuyo

Bambo wina anabwera ku galaja ndi Toyota Dyna yake yonyamulira chimanga ndi simenti, yomwe yayenda makilomita oposa 400,000. "Amisiri, galimotoyi yafooka, pamtunda ikuchita kukwawa. Mundipotokolereko pampu ya dizilo kuti iwonjeze mphamvu." Ndisanakhudze pampuyo ndinayamba ndamasula chivundikiro cha pamwamba pa injini. M'kati munali phala lakuda bii, lonanda ngati phula la pamsewu, litamata paliponse moti ndinachita kupala kuti ndione mitu ya mabawuti. Mwiniwakeyo anangogwira pakamwa.

Matope amenewa ndi oyilo yemwe wapsa n'kusakanikirana ndi mwaye wa dizilo, fumbi ndi chinyezi. Injini zakale za dizilo zimafuna kusinthidwa oyilo pa makilomita 5,000 alionse, koma ambiri amangothiramo wina pamwamba akaona kuti wachepa, fyuluta n'kukhala yomweyo chaka chathunthu. Onjezanipo fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe, ndiponso oyilo wa m'zigubu zopanda dzina wogulitsidwa m'mbali mwa msewu.

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi chizolowezi chochotsa thermostat, ati poti kwathu kuno n'kotentha kale. Kachipangizo kameneka kamatsekuka madzi akafika pa madigiri 82 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo ntchito yake n'kuthandiza injini kufunda msanga. Mukakachotsa, injini imayenda yozizira, chinyezi cha mu oyilo sichiuma, dizilo sapsa yense, ndiye matope amachulukira. Ngati injini ikuwira, vuto lifuneni mu rediyeta, pa fani kapena pa pampu ya madzi.

Tsono kutsuka kwake. Pali amene amakhuthula oyilo, n'kuthira dizilo kapena palafini mu injini, n'kuiliza. Chonde musatero. Dizilo ndi wopyapyala, sateteza zitsulo zikamakhulana. Komanso pansi pa injini, mu sampu, muli kasefa komwe pampu ya oyilo imayamwira. Matope akamatuka nthawi imodzi, zibuma zake zimakatseka kasefako, oyilo n'kuleka kufika ku ma bearing, tizitsulo tomwe shafti ya injini imazungulirapo. Sipapita mphindi zambiri, injini yanoka. Ngakhale mankhwala otsukira injini ogulitsidwa m'masitolo ndimawagwiritsa ntchito pa injini yomwe yangoyamba kuda, osati yodzaza matope ngati ya Dyna ija.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi yamanja. Timatsitsa sampu, timasula kasefa kaja, zonse n'kuzitsukira pansi m'beseni la palafini mpaka mawaya a sefayo aoneke poyera mukayang'anitsa kudzuwa. Kumtunda timapala pang'onopang'ono, titatseka ndi nsanza mabowo omwe oyilo amabwererera pansi, kuopa kuti zinyalala zingagweremo. Nsanzazo muziwerenge poika ndi pochotsa. Kapaipi kopumira injini nakonso kamatsekeka, ndipo kakatsekeka oyilo amayamba kutulukira m'magasiketi. Tikamanga ndi gasiketi yatsopano, timathira oyilo wa dizilo wa 15W-40, wolembedwa CI-4 kapena CH-4 pachigubu, ndi fyuluta yatsopano. Galimoto ikayenda makilomita ngati 1,000 timakhuthulanso ndi kusintha fyuluta, kawiri kapena katatu. Oyilo wabwino ali kale ndi mankhwala osungunula zotsalira mwapang'onopang'ono, ndipo fyuluta imazigwira.

Dziwiranitu chinthu chimodzi: nthawi zina matope ndiwo amakhala atamata ma seal otha, timphira totchinga oyilo kuti asatuluke. Mukatsuka n'kuona kudontha, si kuti amisiri akuonongerani, ma seal-wo anali atatha kale.

Pokhapokha apa m'pamene tingakambe za mphamvu. Poyamba timayeza kukankha kwa oyilo ndi geji yomangirira pa injini penipeni, injini itatentha, osangodalira kanyali ka pa dashibodi. Kenako timayeza compression, kutanthauza mphamvu yopanikizira mpweya, ya silinda iliyonse. Ngati ma ring a pa ma piston atha, palibe chomwe mungamangepo n'kuthandiza, imeneyo ikufuna ovaholo, kumasula injini yonse n'kusintha zotha.

Kupotokola pampu kumene anapempha bambo aja kumangoonjezera dizilo popanda kuonjezera mpweya. Mudzamva ngati yakoka pang'ono, koma kumbuyo kukhala utsi wakuda tolotolo, ma piston akutentha kuposa muyezo, mwaye n'kumatsikiranso mu oyilo womwe mwangotsuka kumene. Ndalama ya dizilo ikuthera mumlengalenga. Ena amafuna kumanga turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, pa injini yomwe sinabadwe nayo, monga 3L ndi 5L za mu Hilux ndi Hiace, kapena 4D33 ya mu Canter. Zimatheka, koma pa injini yokalamba ine sindilangiza. Injini yopangidwira turbo imakhala ndi ma piston ndi dongosolo loziziritsa zoti zipirire kutenthako. Ngati mukufunadi turbo, ndi bwino kusunga ndalama n'kugula injini yomwe inatuluka nayo kufakitale.

Mphamvu zambiri zomwe lole yakale yataya zimabwerera ndi zinthu zooneka zazing'ono: ma nozo (tizitsulo topopera dizilo mu silinda) oyezedwa pa makina kuti azipopera dizilo ngati nkhungu osati kudontheza, fyuluta ya mpweya ndi ya dizilo zatsopano, ma valavu ochunidwa pa mpata wake, taimingi ya pampu yokhazikika bwino, ekizozi yosaphwanyika, mabuleki osagwira. Muonenso klachi, chifukwa ikamaterereka injini imalira koma matayala osakoka.

Dyna ija tinaitsuka, tinabwezeretsa thermostat, ma nozo awiri tinawapeza akudontha n'kuwasintha. Pampu sitinaipotokole. Atabwera kudzakhuthula oyilo kachiwiri, mwiniwake anandiuza kuti mtunda womwe ankaukwera pa giya wani tsopano akuukwera pa thu, katundu ali yemwe uja. Ndinamupempha kuti achepetseko matumba, poti ma sipuring'i akumbuyo anali atayamba kale kuwongoka.