Kutsitsa sport sedan yoyendera tsiku ndi tsiku: mamilimita 30 ndi okwanira

Pakati pa tayala ndi thupi la galimoto pali mpata umene opanga anauwerengera bwino. Tayala likaponda bampu limakwera, sipuling'i imafinyika, shock imachepetsa liwiro la kufinyikako, ndipo mpata ukatheratu kalabala kolimba kotchedwa bump stop ndi kamene kamalandira mphamvu yotsalayo. Mamilimita onse amene mumatsitsa galimoto mumawachotsa pa mpata umenewu, palibenso kwina kumene amachokera. Magalimoto monga BMW 3 Series, Audi A4, Lexus IS ndi Subaru WRX amatuluka kufakitale ndi mpata wocheperapo kale, makamaka amene ali ndi sasipenshoni ya M Sport (ya BMW) kapena S line (ya Audi), yomwe imakhala yotsika ndi mamilimita 10 kapena kuposerapo poyerekeza ndi ya wamba. N'chifukwa chake galimoto yopitira kuntchito, yonyamula banja ndi katundu, ife timati itsike mamilimita 25 mpaka 35 basi. Pamenepo imaoneka bwino, imachepetsa kupendekeka pokhota, ndipo imakwerabe mahampu osakhula pansi.

Musanagule kanthu, yezani. Imikani galimoto pamalo osalala, matayala ali ndi mpweya woyenera, ndipo pa tayala lililonse muyeze kuchokera pakati penipeni pa limu kufika m'mphepete mwa madigadi. Lembani manambala anayiwo. Kuyeza kuchokera pansi kumanamiza chifukwa mpweya ndi kutha kwa tayala zimasintha nambala. Dziwaninso kuti nambala yolembedwa pa bokosi la masipuling'i nthawi zambiri imawerengedwa kuchokera pa galimoto ya sasipenshoni wamba. Ngati yanu ndi M Sport kapena masipuling'i akale anatopa n'kutsika okha, idzatsika pang'ono kusiyana ndi mmene bokosi likunenera.

Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto ikamatsikirabe ndiye kuti ikugwiranso msewu kwambiri. Zimatero mpaka pamalire ena, kenako zimatembenuka, ndipo vutoli limaonekera msanga pa magalimoto amene kutsogolo kwake kuli MacPherson strut (shock ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi ngati mzati umodzi wogwira tayala), monga 3 Series ndi WRX. Galimoto ili pamsinkhu wa kufakitale, control arm ya pansi, mkono wachitsulo wolumikiza tayala ndi thupi la galimoto, imakhala yopingasa kapena yotsikira pang'ono kumbali ya tayala. Mukatsitsa mamilimita 50 kapena 60, mkonowo umayamba kuloza m'mwamba kumbali ya tayala. Zikatero roll centre, malo amene thupi la galimoto limatsamirapo likamapendekeka, imagwa pansi mofulumira kuposa mmene pakati pa kulemera kwa galimoto patsikira. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa umakula, choncho galimoto imafuna kupendekeka kwambiri kuposa kale, ndipo chimene chikubisa zimenezi ndi kulimba kwa masipuling'i okha. Tie rod, kamtengo kachitsulo kamene kamakhotetsa tayala mukazungulitsa chiwongolero, nayo imapendekeka, moti tayala likakwera pa bampu limadzikhotetsa lokha pang'ono inu musanagwedeze chiwongolero. Imeneyi ndiyo bump steer, ndipo imamveka ngati galimoto ikusokonekera pamsewu wa mabampu. Magalimoto a double wishbone (mikono iwiri pa tayala, wa pamwamba ndi wa pansi) ngati Lexus IS, kapena a mikono yambiri ngati A4, amapirira pang'ono, koma nawonso ali ndi malire. Ngati matayala akutsogolo amakoka galimoto, ma CV joint, mfundo za ekiselo yozungulitsa tayala, amagwiranso ntchito atapindika mosiyana ndi mmene anawapangira, ndipo malabala ake amang'ambika msanga.

Nkhani yaikulu kuposa masipuling'i ndi ma shock. Sipuling'i yotsitsa imakhala yolimba kuposa ya kufakitale, chifukwa iyenera kunyamula kulemera komweko mumpata wochepa. Sipuling'i yolimba ikafinyika imabwerera mwamphamvu, ndipo shock yopangidwira sipuling'i yofewa imalephera kuigwira. Galimoto imadumphadumpha ikadutsa bampu, ndipo pamsewu wa mafundemafunde kumbuyo kumayandama. Komanso shock yakaleyo tsopano ikugwira ntchito itafinyika kale ndi mamilimita 30, pafupi ndi pothera pake, choncho imagunda bump stop pafupipafupi ndipo imayamba kudontha mafuta nthawi isanakwane. Ngati ma shock anu ayenda makilomita 80,000 kapena kuposa, musawaphatikize ndi masipuling'i atsopano. Ntchito yomasula ndi yomweyo, mudzangoilipira kawiri.

Opanga odziwika anasiyanitsa bwino ma shock awo. Bilstein B6 ndi ya galimoto ya msinkhu wa kufakitale, pomwe B8 ndi yaifupi, yopangidwira masipuling'i otsitsa, ndipo B12 ndi seti yophatikiza ma shock a Bilstein ndi masipuling'i a Eibach. Koni Sport, yachikasu ija, imalola kusintha mphamvu ya rebound, kutanthauza mmene shock imagwirira sipuling'i pobwerera. Kwa woyendetsa wa tsiku ndi tsiku, seti ya masipuling'i ndi ma shock oyesedwera pamodzi ndiyo njira imene timaikhulupirira kwambiri.

Ma coilover, omwe ndi shock ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi, amakopa chifukwa msinkhu mumausankha nokha pozungulitsa mphete ya pa mazinga a shock. Coilover ya KW V1 imasintha msinkhu wokha, V2 imawonjezera rebound, V3 imasintha rebound ndi compression (mmene shock imagwirira pofinyika) payokhapayokha. Bilstein B14 imasintha msinkhu, B16 imasinthanso kulimba. Abwino ndi abwinodi, koma coilover yotchipa yokhala ndi masipuling'i olimba ngati a galimoto ya mpikisano imayenda moipa kuposa seti yabwino ya wamba. Wopanga amalemba malire a msinkhu, ndipo musawapitirire. Mazinga ake amafuna kutsukidwa ndi kupakidwa girisi nthawi ndi nthawi, apo ayi dzimbiri ndi mchenga zimamata mphete ija osazunguliranso.

Kudula sipuling'i ndi makina odulira zitsulo kapena kuiwotcha kuti itsike, kumeneko ayi. Yowotchedwa imataya kulimba kwa chitsulo chake ndipo imatha kuthyoka. Yodulidwa sikhazikika pampando pake, ndipo tayala likalendewera imatha kutuluka.

Pa tsiku lomanga, sinthani mbali zonse ziwiri za ekiselo nthawi imodzi, ndipo ikani ma top mount (zomangira shock ku thupi la galimoto pamwamba), ma bump stop ndi malabala otchinga fumbi atsopano. Top mount yakutsogolo ili ndi bering imene imazungulira ndi chiwongolero. Ikatha imagogoda, ndipo sipuling'i imadumpha ndi phokoso mukamakhota galimoto itaima. Onani pepala la wopanga ngati akufuna bump stop yaifupi, chifukwa ma shock ena monga ma strut a Bilstein ali nayo kale mkati. Galimoto ikhale pa ma stand, osati pa jeke yokha. Sipuling'i ya pa strut imasunga mphamvu yokwanira kuvulaza munthu koopsa, choncho nati ya pamwamba isamasulidwe sipuling'i isanafinyidwe ndi spring compressor yabwino yogwira mbali ziwiri mofanana. Pomanga nati imeneyi musagwiritse ntchito mfuti ya mpweya, chifukwa imazungulitsa mtengo wa shock n'kuwononga za mkati. Gwirani mtengowo ndi kiyi wake, mumange ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Nsonga ya sipuling'i ilowe pamalo ake pampando. Magalimoto ambiri a ku Germany ali ndi mabawuti amene amatanuka pomanga ndipo sagwiritsidwa ntchito kawiri. Bukhu la galimoto limawatchula, ndipo amenewo gulani atsopano.

Pali sitepe imodzi imene imadumphidwa kawirikawiri ndipo imadya mabushi. Bushi ya labala sizungulira pa bawuti yake, labalayo ndi amene amapotoka. Mukamanga bawuti matayala akulendewera, kenako n'kutsitsa galimoto pansi, labala amakhala wopotoka nthawi zonse ngakhale galimoto itaima, ndipo amang'ambika m'miyezi yochepa. Mabawuti onse odutsa m'mabushi a labala, ngakhale a mikono imene simunaichotse, amasulidwe pang'ono ndi kumangidwanso kulemera kwa galimoto kuli pa matayala, pamsinkhu watsopano.

Mukatha, alayimenti ndi yosakambirana. Kutsitsa kumapendeketsa nsonga za m'mwamba za matayala kulowa mkati, yomwe ndi negative camber, ndipo kumasintha toe, kuloza kwa matayala mkati kapena kunja mukawayang'ana kuchokera pamwamba. Camber ya pakati pa digiri 1 ndi 1.5 kutsogolo imathandiza pokhota ndipo siwononga tayala kwambiri. Ikapitirira madigiri 2 mkati mwa tayala mumayamba kutha msanga. Koma chimene chimadya tayala mofulumira ndi toe yolakwika, chifukwa tayala limakhala likukwekwerezeka cham'mbali pa kilomita iliyonse. Yendani masiku ochepa kuti zonse zikhazikike, kenako muyezetse matayala onse anayi. Magalimoto ena alibe posinthira camber, ndiye pamafunika ma camber bolt, ma camber plate kapena mikono yosinthika ya kumbuyo.

Za ma sway bar, zitsulo zolumikiza mbali ziwiri za sasipenshoni kuti galimoto isapendekeke kwambiri pokhota, tinene mwachidule. Kulimba kwa bar yopanda mphako kumakwera mofulumira kwambiri ndi kunenepa kwake: kuchoka pa mamilimita 22 kufika pa 24 kumaonjezera kulimba ndi pafupifupi 40 peresenti. Yonenepa kutsogolo imapangitsa galimoto kukankhira kunja pokhota, yonenepa kumbuyo imapangitsa kumbuyo kutaya msanga, zomwe n'zoopsa pamvula pa galimoto yokoka ndi matayala akumbuyo. Yambani mwayenda ndi masipuling'i ndi ma shock atsopano musanaganize za bar. Matayala nawo ndi mbali ya sasipenshoni. Tayala la 225/45 R17 (nambala yomalizayo ndi kukula kwa limu m'mainchi) lili ndi khoma la mamilimita pafupifupi 101, la 225/40 R18 lili ndi 90, la 225/35 R19 lili ndi 79. Kutsitsa galimoto n'kukulitsanso malimu nthawi imodzi ndi kuchotsa zofewetsa ziwiri pakamodzi, ndipo dzenje loyamba lalikulu limapinda limu.

Pa magalimoto amakono pali zamagetsi zofunika kuzikumbukira. Magetsi a xenon ndi LED amadalira sensa ya msinkhu yomangidwa pa mkono wa sasipenshoni. Kamtengo kake ka pulasitiki kamathyoka mosavuta pomasula, ndipo galimoto ikatsika magetsi ayenera kulozetsedwanso. Kamera ndi radar zothandiza kusunga mzere ndi kumanga mabuleki zokha zingafune kuyezedwanso pa kompyuta. Ngati galimoto ili ndi ma shock osinthidwa ndi magetsi, kuika a wamba kumayatsa chenjezo pa dashibodi pokhapokha mutaika kachipangizo kolowa m'malo mwake kapena mutagula ma shock ogwirizana ndi mawayawo. Auzeninso a inshuwalansi za kusinthaku, chifukwa ambiri amafuna kudziwitsidwa. Mukayenda makilomita 100 oyamba, mangitsaninso manati a matayala ndi torque wrench, yezaninso manambala anayi aja, ndipo mukhote chiwongolero mpaka pothera mbali zonse ziwiri galimoto itadzaza anthu kuti muone ngati tayala likukhula madigadi kapena paipi ya mabuleki.