Amene anasaina mtendere ndi Israel sanasankhidwe ndi anthu

Ndatopa kumva mfundo imodzi imene imabwerezedwa m'kalasi momwe ndimaphunzitsa za ubale wa mayiko, pa wailesi, ngakhalenso pasiwa abambo akamacheza usiku. Akuti mkangano wa Israel ndi Aluya ukadatha kalekale mayiko a Aluya akadakhala ndi demokalase, popeza olamulira mwankhanza ndiwo amakonda nkhondo. Mfundoyi imakoma m'khutu, koma mbiri imaikana, ndipo amene amaikhulupirira amangoti kukamwa yasa nthawi iliyonse kukabuka nkhondo kumeneko.

Taonani amene anasaina mapanganowo. Anwar Sadat wa ku Egypt, amene anapita ku Jerusalem mu 1977 n'kusaina pangano la mtendere mu 1979, anali msilikali amene analowa m'malo mwa pulezidenti Nasser popanda kupikisana ndi munthu pa chisankho, ndipo pa 6 Okutobala 1981 anawomberedwa ndi asilikali a dziko lake lomwe pa perete. Pangano la Jordan la 1994 linasainidwa pansi pa ulamuliro wa Mfumu Hussein. Mu 2020 anatsatira ndi United Arab Emirates, Bahrain ndi Morocco, onsewo maufumu. Aliyense anatolapo kanthu: Egypt inabwezeredwa dera la Sinai, ndipo Morocco inalandira chivomerezo cha America chakuti Western Sahara ndi yake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa anthu ake kudzera pa referendamu asanasaine.

Chifukwa chake si chobisika. Anthu wamba ku Cairo, ku Amman ndi ku Rabat amamva kuwawa ndi zimene Apalestina akukumana nazo, choncho mtsogoleri amene mpando wake umadalira mavoti amazengereza kugwirana chanza ndi Israel nkhani ya Apalestina isanathe, pamene wolamulira amene amadalira asilikali ndi apolisi achinsinsi amangosaina n'kutseka pakamwa aliyense wong'ung'udza. Mayiko a azungu anaziona zimenezi ndipo anasankha mbali. Hosni Mubarak analamulira Egypt kuyambira 1981 mpaka 2011 pogwiritsa ntchito malamulo a nthawi ya ngozi, uku asilikali ake akulandira kuchokera ku America pafupifupi madola 1.3 biliyoni chaka chilichonse. Amalawi sayenera kudabwa nazo. Kamuzu Banda, amene anasunga ubale ndi Israel mu 1973 pamene mayiko ambiri a mu Africa anaudula, anasangalatsa azungu kwa zaka zambiri chifukwa chodana ndi chikomyunizimu, ndipo thandizo linadzaimitsidwa mu 1992 nkhondo ya mawu pakati pa America ndi Soviet Union itatha.

Nkhani imene imandisowetsabe tulo ndi ya chisankho cha aphungu a Apalestina cha pa 25 Januwale 2006. Boma la George W. Bush ndilo linalimbikira kuti chichitike, ndipo miyezi yochepa m'mbuyomo nduna yake yoona za kunja, Condoleezza Rice, anali atanena ku Cairo kuti kwa zaka 60 dziko lake linaika bata patsogolo pa demokalase m'chigawocho koma silinapeze chilichonse mwa ziwirizo. Anthu anavota mwaunyinji, ndipo oyang'anira chisankho ochokera kunja, kuphatikizapo pulezidenti wakale wa America Jimmy Carter, anati chinayenda bwino. Gulu la Chisilamu la Hamas linapeza mipando 74 mwa 132, chipani cholamula cha Fatah chinapeza 45. Amene amathamangira kunena kuti Apalestina onse anavotera nkhondo sanaonepo manambala: pa mavoti a zipani Hamas inapeza pafupifupi 44 pa 100 alionse ndipo Fatah 41, koma m'madera ambiri anthu a Fatah anaima awiriawiri kapena kuposerapo n'kugawana mavoti. Ovota ambiri anali atatopa ndi katangale wa akuluakulu a Fatah, ndipo Hamas inapikisana pansi pa dzina lolonjeza kusintha ndi kukonza zinthu.

Sindikuyeretsa Hamas. Gululi linali litapha anthu wamba m'mabasi ndi m'malo odyera ku Israel, ndipo linakana zimene linauzidwa, zakuti livomereze Israel, lisiye chiwawa ndiponso lilemekeze mapangano akale. Koma yankho la mayiko a azungu linali kuimitsa thandizo lopita ku bomalo, Israel inagwira ndalama za msonkho zimene imatolera m'malo mwa Apalestina, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi apolisi anakhala miyezi yambiri osalandira malipiro athunthu. Pofika Juni 2007 Hamas ndi Fatah zinali kuwomberana m'misewu ya Gaza, Hamas inalanda dera lonselo, Fatah inatsala ndi West Bank, ndipo Gaza inatsekeredwa. Phunziro limene wachinyamata aliyense wa m'chigawocho anatolapo linali lowawa: voti imalemekezedwa pokhapokha ikatulutsa munthu amene amphamvu akumufuna. Egypt inadzatsimikizira zomwezo. Mohamed Morsi, amene anapambana chisankho cha 2012, sanathetse pangano ndi Israel, ndipo anathandiza kuimitsa nkhondo ya ku Gaza mu Novembala chaka chomwecho. Asilikali atamuchotsa mu Julayi 2013 n'kupha anthu mazanamazana pa bwalo la Rabaa mwezi wotsatira, boma la America linapewa kunena kuti boma lalandidwa, chifukwa kutero kukanalikakamiza mwalamulo kuimitsa thandizo.

Ena amati Israel ndiyo demokalase yokhayo m'chigawocho. Zoona, nzika zake zimavota, maboma amagwa, ndipo Aluya amene ali nzika, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse, ali ndi aphungu mu Knesset, nyumba ya malamulo ya dzikolo. Koma Apalestina pafupifupi 3 miliyoni a ku West Bank akhala pansi pa ulamuliro wa asilikali kuyambira 1967 ndipo savotera boma limene limawatsekera misewu. Demokalase ya Israel nayonso sinateteze nduna yaikulu Yitzhak Rabin, amene anaphedwa ndi Myuda mnzake mu Novembala 1995 chifukwa cha mapangano a mtendere a Oslo amene anachita ndi Apalestina.

Apa ndipo ndiyenera kuchenjeza za akatswiri abodza amene adzaza pa WhatsApp ndi pa Facebook. Munthu akakuuzani kuti zonsezi ndi mkangano wa Isake ndi Ismayeli ndipo palibe chimene chingachitike, mufunseni za malire, za madzi, za midzi ya Ayuda yomangidwa ku West Bank, za othawa kwawo a 1948. Akasowa chonena, dziwani kuti akukugulitsani mankhwala a matenda amene sanawayeze. Bodzali ndi loopsa chifukwa limauza anthu kuti adikire, ndipo kudikirako ndiko kwapha anthu. Pa 7 Okutobala 2023 Hamas inapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel n'kugwira ena pafupifupi 250, ndipo nkhondo yotsatira yapha anthu zikwi makumimakumi ku Gaza, dera limene pafupifupi theka la anthu ake ndi ana osakwana zaka 18, amene anali asanabadwe pamene chisankho chija chinkachitika. Mahmoud Abbas wa Fatah anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Apalestina mu Januwale 2005 kuti alamulire zaka zinayi, koma sanabwererenso kwa ovota. Chisankho cha aphungu chimene chinakonzedwa mu 2021 anachiimitsa kutatsala milungu yochepa, ponena kuti Israel sinalole kuvota ku East Jerusalem, ndipo mayiko amene amalalikira demokalase sanamukakamize kutchula tsiku lina.