Musanataye oyilo wakale, muoneni padzuwa

Eni galimoto ambiri kuno ku Chipata akabwera ku sevisi amasiya kiyi n'kupita kukazungulira ku Kapata kapena ku Down Shops. Pobwerera funso lawo limakhala limodzi: "Amisiri, oyilo watsopano mwathira?" Za wakale uja safunsa. Amakhala atatsanuliridwa kale m'chigubu, kudikira munthu woti akapake mitengo ya khola kuti chiswe chisadye. Koma kwa ife amakanika nkhani ili m'wakaleyo, chifukwa iye yekha ndiye wafika ponseponse m'kati mwa injini n'kutulukamo ife titangomasula bawuti imodzi ya pansi pa sampu, chibeseni cha pansi pa injini mmene oyilo amakhala.

Injini ikamayenda bwino, crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguliza pansi pa injini, sikhudza maberingi ake, timbale tachitsulo timene imagonerapo. Imayandama pa oyilo amene pampu ikukankhira pamenepo, m'kampata ka mamilimita 0.03 kapena 0.05, koti tsitsi limodzi silingalowemo. Singano ya pa dashibodi yoonetsa liwiro la injini ikaloza pa 3,000, crankshaft ija ikuzungulira ka 50 pa sekondi imodzi. Oyilo akangochoka pakatipo, ngakhale kwa kanthawi, chitsulo chimapala chinzake, ndipo zopalikazo zilibe kwina kopita. Zimagwera m'oyilo momwemo.

Injini iliyonse imaperepeseka pang'ono, ngakhale yosamalidwa bwanji, koma tizitsulo take timakhala tating'ono koti maso sangatione. Kudanso kwa oyilo si matenda. M'injini ya dizilo, monga ya Hiace kapena Canter, oyilo amada bii atangoyenda pang'ono chifukwa cha mwaye. Musachite mantha ndi kudako. Chofunika kuona ndi kunyezimira.

Uzani makanika kuti atsitsire oyilo m'beseni lotsuka bwino, injini ikali yofunda. Tulukani nalo panja, mulipendeke padzuwa, muvundule ndi kamtengo. Kanyezi kakang'ono kooneka ngati kakusambira, koti mukatikita pakati pa zala simumva kanthu, nthawi zambiri sikadetsa nkhawa, makamaka ngati injiniyo yangochoka kumene pa ovahaulo (kuiphwasula n'kuimanganso) ndipo maringi a pa mapisitoni akukhazikika. Koma mukatha kuloza kachitsulo kamodzi ndi chala, kapena zala zikamamva kukhakhala, pamenepo zinthu sizili bwino. Kenaka tsanulani oyilo pang'onopang'ono kuti muone zotsalira pansi pa beseni, pakuti zolemera zimamira. Mukatero musambe m'manja ndi sopo, oyilo wakale sagwirizana ndi khungu.

Tsono tengani maginito. A sipika yakale ya wailesi akwanira. Akulungeni m'kapulasitiki kuti musavutike pochotsa zomatirira. Tonse tokakamira pa maginito ndi tachitsulo chenicheni, tochokera ku crankshaft, camshaft (chitsulo chotsegula mavalavu), tcheni cha taimingi, maringi kapena makoma a masilinda. Mabawuti ena a sampu amabwera ndi maginito akeake, ndipo kaphala kotuwa kosalala komatirirapo n'kamasiku onse. Tosongoka, toimirira njo pa maginitopo, ndito tikuti china chake chikusadzuka.

Ine timene timandidetsa nkhawa kwambiri ndi tizitsulo tokana maginito. Toyera tonyezimira ndi aluminiyamu, tochokera ku mapisitoni kapena m'malo mogonera camshaft m'hedi, mbali ya pamwamba ya injini. Tofiirira kapena tachikasu ndi mkuwa, ndipo mkuwa kawirikawiri umachokera ku maberingi a crankshaft. Beringi ya mtundu wakale imapangidwa mosanjikiza: kumsana kuli chitsulo, pakati pali mkuwa wosakaniza ndi mtovu, pamwamba pali kansalu kofewa kopyapyala kotuwa. Crankshaft imayenera kuyang'anizana ndi kotuwako moyo wake wonse. Mukaona mkuwa m'beseni, ndiye kuti kapamwambako katha kale ndipo crankshaft yafika pa mnofu wa pakati. Injini zina zatsopanopo zili ndi maberingi a aluminiyamu, choncho timapalepale toyera natonso tisamanyozedwe.

Beseni likhoza kuoneka loyera pamene fyuluta yabisa zonse, pakuti ntchito yake ndi yomweyo. Ndimadabwa kuona fyuluta ikuponyedwa m'dzala osaitsegula. Itseguleni, koma osati ndi sowo yodulira zitsulo, chifukwa utuchi wake ugwera m'kati n'kukunamizani. Gwiritsani ntchito tchizulo kapena lumo lodulira malata, muzungulire m'mphepete mwa chivindikiro cha pansi. Solsolani pepala la m'katimo, mulifinye kuti oyilo achoke, mulitambasule padzuwa. M'makwinya mwake ndi mmene muli mbiri yonse ya injiniyo kuyambira sevisi yapita. Fyuluta wamba imagwira tinthu ta mamaikuloni pafupifupi 20 kupita m'mwamba, ndipo maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Dziwaninso kuti m'njira ya fyuluta muli kavalavu kamene kamatseguka pepala likatsekeka, kuti injini isakhale youma. Kakatseguka, oyilo amapita ku maberingi osasefedwa. Amene amasintha oyilo n'kusiya fyuluta yakale pofuna kupulumutsa ndalama amakhala akutsegula okha khomo limeneli.

Nanga chimene chimadya injini kuno kwathu n'chiyani? Anthu amathamangira kunena oyilo wachinyengo, ndipo alipodi, koma pa injini zimene ndimatsegula mdani wamkulu ndi fumbi. Galimoto yoyenda njira za dothi za ku Chadiza, Vubwi kapena m'midzi ya ku Katete, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, imapuma fumbi tsiku lonse. Fumbi lathuli ndi mchenga woperedwa, ndipo mchenga ndi wolimba kuposa makoma a silinda. Ukasakanikirana ndi oyilo umagwira ntchito yomwe umagwira amayi akamakwecha poto kudambo, kungoti kuno poto wake ndi injini yanu, ndipo kukwechako sikulekeza. Fumbilo limayamba ndi maringi ndi masilinda, kenaka limatsikira m'sampu kukadya maberingi.

Polowera pake ndi fyuluta ya mpweya. Chizolowezi choipopera ndi kompuresa mwamphamvu chimaboola timabowo tosaoneka m'pepala lake. Ena amaimenyetsa pa tayala. Ena paipi ya labala yochoka ku fyuluta kupita ku injini inang'ambika kalekale, anangokulunga ndi lekeni. Kuyesa kwake n'kosavuta: masulani paipiyo, mupisemo chala mbali ya ku injini. Chala chikatuluka ndi fumbi, injini yanu yakhala ikudya dothi. Onjezani pamenepo fanelo yogubuduzika pansi pa garaja, ndi oyilo wogula m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu, woti palibe akudziwa chigubu chimene anachokera.

Zina ndi zodziwika. Oyilo kuchepa chifukwa dipisitiki sisololedwa. Injini kuwira pa mitunda ya pakati pa mlatho wa Luangwa ndi Nyimba, galimoto italemedwa ndi matumba, dalaivala n'kumati tikaona ku Petauke. Madzi a m'radiyeta kulowa m'oyilo gasiketi ya hedi ikapsa, oyilo n'kuyererako ndi kuchita thovu. Petulo kapena dizilo kutsikira m'sampu, oyilo n'kusungunuka, kumanunkha mafuta, mulingo wake pa dipisitiki n'kumakwera m'malo motsika. Kwa amateksi a m'tauni ndi opita ku Mwami ndionjezerepo ichi: injini yolira galimoto itaima ikugwira ntchito, ngakhale mita ya makilomita siikuwerenga. M'fumbi ndi kutentha kwa kuno, ine sindilangiza munthu kupitirira makilomita 5,000 asanasinthe oyilo ndi fyuluta.

Galimoto nayo imadandaula, kungoti imachedwa. Kanyale kofiira ka oyilo kakamaphethira injini itatentha, muli chiimire pa mphambano, n'kuzima mukaponda mafuta, ndiye kuti mpata wa m'maberingi wakula ndipo oyilo akuthawiramo. Kanyale kameneka kamayaka mphamvu ya oyilo itagwa kale kwambiri, choncho musamati poti sikanayake zonse zili bwino. Utsi wabuluu kumbuyo, oyilo kutha msanga, ndi mpweya wofoka mwamphamvu mukatsegula chitsekero chothirira oyilo, izi zikuloza maringi ndi masilinda. Phokoso lakuti go-go-go lochokera pansi, lothamanga limodzi ndi mafuta, ndilo timati injini yanoka. Likamveka, zimitsani pomwepo, ngakhale kunyumba kukuoneka.

Pali mankhwala abodza amene ndimakumana nawo kawirikawiri. Munthu akamva kaphokoso amathira oyilo wolemera, 20W-50, kapena kabotolo ka zolimbitsa oyilo. Phokoso limachepadi, kanyale kamazima, koma chitsulo chopalika sichimeranso. M'injini za VVT-i (zimene zimagwiritsa ntchito oyilo posintha nthawi yotsegulira mavalavu), monga 1NZ ya m'ma Corolla ambiri ochokera ku Japan, zimene zinapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30, wolemerayo amachedwa kufika m'mwamba m'mawa wa mu Juni, ndipo timapalepale timakatseka kasefa kakang'ono ka valavu ya VVT-i. Ogulitsa galimoto ena amaudziwa bwino msampha umenewu. Mukapeza galimoto yogulitsa ili ndi oyilo wongothira kumene, wokhuthala, mwiniwake atailiza kale inu musanafike, pemphani kuti mudzaione m'mawa isanalizidwe, ndipo mugule fyuluta yatsopano kuti akulolezeni kutsegula yakaleyo. Akakana, mwadziwa.

Makampani a migodi ku Copperbelt amatumiza oyilo wa makina awo ku labotale, kumene amayeza kuchuluka kwa chitsulo, mkuwa ndi fumbi losaoneka ndi maso. Ife a ma Vitz ndi ma Noah tili ndi beseni, maginito ndi geji yoyezera mphamvu ya oyilo, ndipo pa zambiri zimenezi zimakwana. Mukapeza kanyezi kokha, popanda phokoso, geji n'kuonetsa bwino, thirani oyilo ndi fyuluta zatsopano, konzani njira ya mpweya, ndipo mudzatsegulenso fyuluta pakatha makilomita 1,000 kuti muone ngati zikuchepa kapena kuchuluka. Mukapeza timapalepale ta mkuwa, galimotoyo ikokedwe, sampu itsike, makapu a maberingi amasulidwe. Mukafulumira, nthawi zina maberingi okha amakwana. Mukachedwa, crankshaft iyenera kukagayidwa, kuchotsapo mamilimita 0.25 kapena 0.50, n'kugula maberingi olingana ndi muyeso watsopanowo. Mukachedwa koposa apo, koni rodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft, imathyoka n'kuboola buloko, thupi lenileni la injini, basi muyambe kufunafuna injini ina.

Injini ikamangidwanso, onetsetsani kuti makanika watsuka njira zonse za oyilo m'buloko ndi m'crankshaft, sefa ya pampu, ndiponso oil cooler (choziziritsira oyilo) ngati galimotoyo ili nayo. Tizitsulo timabisala m'malo amenewa, ndipo tikatsalamo timadzadya maberingi atsopano mwezi usanathe. Pa injini ya turbo, mapaipi opititsa oyilo ku turbo atsukidwenso kapena asinthidwe.