Nkhwangwa ya ku Dzalanyama ndi mbalame zimene zikusowa pogona

Ambiri mumzinda wa Lilongwe timaidziwa nkhalango ya Dzalanyama chifukwa cha madzi ndi makala. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'mapiri amenewa, kumalire ndi Mozambique, n'kudzadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, komwe kumachokera madzi a m'mipopi yathu. Makala nawo timakumana nawo m'bandakucha ali panjinga mumsewu wa Likuni. Za mbalame sitikamba kawirikawiri, chonsecho ndi zimene zikuonetsa bwino momwe kadulidwe ka mitengo kasinthira kumeneko.

Kwa Achewa malowa ndi akalekale. Ndiko kuli Kaphirintiwa, pomwe makolo amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe. Boma la atsamunda linalengeza kuti Dzalanyama ndi nkhalango yotetezedwa mu 1922. Kukula kwake ndi pafupifupi mahekitala 99,000, ndipo imakhudza maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Mitengo yambiri ndi yachilengedwe: mombo, tsamba, mchenga, masuku, ndi mlombwa apo ndi apo.

Kudula mitengo sikunayambe lero. Ocheka matabwa ankalowa ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, koma ankasankha. Ankafuna mlombwa wowongoka, wa zitseko ndi mipando, ina yonse n'kuisiya. Anthu a m'midzi yozungulira ankasenda luzi, kudula mphanda za zigafa za fodya, amayi n'kutola nkhuni. Mlombwa waukulu unachepa ndithu, komabe nthambi za mombo ndi tsamba zinkakumanabe m'mwamba, ndipo mthunzi unalipo.

Zinthu zinatembenuka ndi kukula kwa mzinda. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, Lilongwe inayamba kudzaza, moti kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindawu. Mabanja ambiri amaphikira pambaula. Wootcha makala safuna mtengo umodzi ngati wocheka matabwa. Amagwetsa yonse yozungulira uvuni wake, ndipo amayambira ikuluikulu ya mombo ndi tsamba chifukwa makala ake ndi olemera, sathera msanga pambaula. Mitengo imeneyi ndi yomwenso mbalame za m'nkhalango muno zimadalira.

Ku Dzalanyama kuli gogomole wa mtundu wa Stierling, yemwe padziko lonse amapezeka ku Malawi, kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique basi. Ndi imodzi mwa mbalame zimene zinachititsa bungwe la BirdLife International kuika nkhalangoyi m'gulu la malo ofunika kwambiri pa mbalame. Gogomole amajompha tizilombo m'makungwa ndi m'nthambi, ndipo chisa chake ndi mphako imene amaboola yekha pamtengo wokhwima kapena wouma. Akaisiya, mbalame zina zosatha kuboola zimalowamo. Nsadzu, mbalame ija imatsogolera anthu ku njuchi, simanga chisa konse: imaikira mazira m'mphako za mbalame zinzake kuti zimulerere ana. Njuchi zam'tchire nazo zimakhala m'mphako za mitengo yakale. Ndiye mtengo umodzi wachikulire ukalowa mu uvuni, zambiri zapita nawo limodzi.

Palinso tchete wa mutu wobiriwira, amene samanga ndi udzu ngati anzake a kudambo. Iye amaluka chisa ndi ndere zotuwa zija zimalendewera m'nthambi ngati ndevu za nkhalamba. Ndere zimenezi zimachuluka pamitengo yakale yokha, ndipo zimakula pang'onopang'ono kwambiri. Zikasowa, tcheteyu alibe china chomangira.

Apa m'pamene anthu ambiri timanyengedwa. Mitengo ya mombo ndi tsamba imaphukira pachitsa, ndipo mvula zingapo zikagwa, malo ometedwa aja amabiriwiranso. Wodutsa pagalimoto anganene kuti nkhalango yabwerera. Mbalame zimamvekanso, koma ndi apumbwa ndi njiwa, zomwe zimakhala ngakhale ku Area 25. Zija zofuna mitengo italiitali ndi mthunzi wosadukiza sizibwerera ku mphukira zoonda. Minda ya paini ndi bulugamu, monga wa ku Katete ku Dzalanyama komweko, imatipatsa matabwa ndi mapolo, ndipo ndi bwino kuti ilipo chifukwa imapepuza mitengo yachilengedwe. Koma mbalame za m'mombo sizipezamo chakudya kapena pogona.

Mu 2015 boma linatumiza asilikali a Malawi Defence Force kukalondera nkhalangoyi, mothandizidwa ndi Lilongwe Water Board. Kenako kunabwera pulojekiti yothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, ndipo mu 2020 lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa. Zonsezi zinali zofunika, ngakhale nkhawa yaikulu inali madzi. Chimene chimandipweteka n'chakuti pa nyengo yodzala mitengo timawerenga mbande zimene zalowa m'nthaka, osawerenga mitengo yakale imene yatsala. Ngakhale mtengo wouma uli chiimire, womwe tonse timauona ngati nkhuni zaulere, kwa gogomole ndi nyumba. Kuti mphukira ya mombo inenepe mpaka kubooleka mphako pamafunika zaka makumi angapo zopanda nkhwangwa ndi moto wolusa wa mu Okutobala, pamene m'malo oyandikira midzi imadulidwanso isanafike n'komwe pa msinkhu wa mphanda ya chigafa.