Nambala ya m'kolala isakupusitseni pogula jekete la oyendetsa ndege

Jekete lachikopa la A-2, lomwe gulu la ndege zankhondo la ku America linalivomereza mu 1931, linasokedwera munthu wokhala pampando wothinana wa m'ndege atamangidwa malamba. N'chifukwa chake ndi lalifupi, limathera pa lamba. Mathalauza a nthawi imeneyo ankavalidwa cha pamchombo. Mukalivala ndi jinzi yotsika m'chiuno, malaya amatulukira pansi ndipo mumaganiza kuti jekete lachepa, chonsecho ndi mmene analidulira.

Vuto lenileni lili pa nambala. Pakansalu ka m'kolala pamalembedwa 40 kapena 42, kutanthauza mainchesi a chifuwa, koma 42 wa m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse nthawi zambiri amathina kuposa 42 wa m'sitolo lero. Komanso majeketewa ankasokedwa ndi makampani ambiri, monga Rough Wear, Aero Leather ndi J.A. Dubow. Malangizo a boma anali amodzi, koma aliyense ankadula mwake: wina mapewa otakata, wina mikono yopyapyala. Onjezanipo zaka zoposa 80. Chikopa cha hatchi kapena cha mbuzi chikanyowa n'kuumira pamoto chimakhwinyata, ndipo sichibwereranso.

Ndiye yezani jekete lenilenilo. Tsekani zipi, liyaleni patebulo, ikani tepi kuchoka kukhwapa ili kufika kukhwapa linalo, muchulukitse kawiri. Ine ndimalangiza kuti zotsatirazo zipose chifuwa chanu ndi mainchesi atatu kapena anayi. Kuchepera apo, juzi simuvalanso mkati. Ngati mukugula pa intaneti, wogulitsa akutumizireni chithunzi tepi ili pajekete pomwepo.

Koma pomwe ndimayang'anitsitsa ndi m'mapewa. Msoko ukhale pomwe phewa lathera, pafupa. A-2 ili ndi msana wa chikopa chimodzi, wopanda mapindiro, ndipo makhwapa ake ndi okwera. Livaleni, tambasulani manja kutsogolo ngati mwagwira chiwongolero. Kukoka pang'ono kumsana n'kwabwino. Mukamva ulusi ukulira m'khwapa, livuleni msanga. Telala angafupikitse mkono, koma mapewa opapatiza palibe chowachita, chifukwa pachikopa paliponse pamene singano yadutsa pamatsala bowo.

Palinso mitundu ina ya majekete a oyendetsa ndege. G-1 ya asilikali apamadzi, ija ya ubweya m'kolala, imakhululukirako. Kumsana ili ndi mapindiro otseguka munthu akatambasula manja, choncho imatha kugwira thupi koma osakumangani. B-3 ya chikopa cha nkhosa ndi nkhani ina: ubweya uli mkati ndipo umadya malo, ndiye muyeso wakunja umanama. Imeneyi ndi yofunika kuivala musanalipire.

Dziwaninso kuti gulu la ndege zankhondo la ku America linayambiranso kugwiritsa ntchito A-2 mu 1988, ndipo za kuyambira pamenepo anazidula motakasuka. Zambiri zopezeka pa kaunjika ndi zotengera chabe mtunduwu, zazitali ndi zotaya m'mimba. Sizoipa, koma musatengere nambala yake pogula lenileni lakale.

Nsalu yoluka ya kumikono ndi m'chiuno isakudetseni nkhawa ikadyedwa ndi njenjete, imasinthidwa. Poyeza mkono, onani kuti chikopa chithere pafupa la padzanja, choluka chija chitsike pang'ono kupitirira apo. Chomwe ndikupemphani ndi chakuti jekete likathina musaliviike m'madzi pofuna kulikulitsa. Chikopa chakale chouma chimang'ambikira m'misoko.