Dontho la vinyo m'nyanja: mkangano umene Agiriki anausiya osautha

Mu Januwale 2021 boma la France linasiya kubwezera ndalama odwala ogula mankhwala a homeopathy, aja amathiridwa madzi mobwerezabwereza mpaka otsutsa amati m'botolo mumatsala madzi okhaokha. Anthu akukanganabe, koma funso limene lili pansi pa mkanganowu ndi lakale zedi: chinthu chikalowa m'chinzake, chimakhalamobe kapena chimatheratu?

Empedocles, katswiri wa nzeru wachigiriki wa ku Akragas, pachilumba cha Sicily, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe kuti zonse zimachokera ku mizu inayi: dothi, madzi, mpweya ndi moto. Chikondi chimaisonkhanitsa, Udani n'kuimwaza. Anapereka ngakhale muyeso wa fupa: pa magawo 8, awiri dothi, awiri madzi, anayi moto. Democritus iye anati pali tinthu ting'onoting'ono tosaduka timene timangogundana, osasungunukirana.

Aristotle sanakhutire. Anati ukasakaniza tirigu ndi balere, njere iliyonse imakhala payokha, ndipo wa maso akuthwa akhoza kuzisankha. Kusakanikirana kwenikweni n'kumene kachigawo kalikonse kamafanana ndi chinthu chonsecho, monga mnofu: uudule paliponse, ndi mnofu basi. Koma anaika malire. Dontho la vinyo likagwera m'madzi okwana miyeso 10,000, anati silisakanikirana nawo, limangosanduka madzi.

Apa m'pamene nkhani inatembenukira. Anthu a sukulu ya Stoa ku Athens ankakhulupirira kuti chilichonse chochita kanthu chili ndi thupi, ngakhale mzimu wa munthu. Ndiye mzimu ungakhale bwanji m'chala, m'mtima ndi m'phazi nthawi imodzi, ngati matupi awiri sangakhale malo amodzi? Yankho lawo linali lakuti angathe. Ankaloza chitsulo chofiira m'ng'anjo: moto uli paliponse m'chitsulomo, koma moto ukadali moto, chitsulo chikadali chitsulo. Ankatinso siponji yonyika m'mafuta imatha kulekanitsa madzi ndi vinyo, kusonyeza kuti palibe chimene chinafa.

Arcesilaus, mtsogoleri wa sukulu imene anayambitsa Plato, anawaseka. Anati ngati n'choncho, mwendo wa munthu ukadulidwa n'kuwolera m'nyanja, zombo za mfumu Antigonus zizidutsa m'kati mwa mwendowo. Chrysippus, amene anatsogolera Stoa mpaka imfa yake cha m'ma 206 Khristu asanabadwe, sanabwerere m'mbuyo. Anavomera kuti palibe choletsa dontho limodzi la vinyo kufalikira nyanja yonse.

Tisamale ndi mboni zathu. Diogenes Laertius, amene analemba mbiri ya akatswiri a nzeru achigiriki, amati Chrysippus analemba mabuku oposa 700, koma palibe limene linatipeza lathunthu. Nkhani ya mwendo tinaimva kwa Plutarch, amene ankalemba n'cholinga chotsutsa Astoa. Kufotokoza kwatsatanetsatane kuli m'buku la Alexander wa ku Aphrodisias, wa cha m'ma 200 Khristu atabadwa, munthu wa Aristotle ndi mtima wonse. Mlandu wa Chrysippus timauweruza pomva odandaula okha, mwini wake kulibe, ndipo ine zimenezi zimandikhudza, chifukwa ngakhale m'mawu a adani akewo maganizo ake amaoneka olongosoka.

Asayansi a lero anatsatira Democritus: madzi ndi vinyo ndi tinthu totchedwa mamolekyu, ndipo ukapitiriza kuthira madzi umafika poti m'botolo simungayembekezeke ngakhale molekyu imodzi ya vinyoyo. Pamenepa Chrysippus anagwa, ndipo a homeopathy sangamudalire. Koma pa nyanja chiwerengero chimamukomera modabwitsa. Mamolekyu a m'dontho limodzi ndi ochuluka pafupifupi mofanana ndi malita a madzi a m'nyanja zamchere zonse za dziko lapansi. Dontholo litati lifalikire bwinobwino, lita iliyonse ingalandire pafupifupi molekyu imodzi, pamene Aristotle anali atalitaya kale pa miyeso 10,000 yokha.