Kodi pulotoni imalemera ndi chiyani?

Mukakwera pa sikelo n'kuona makilogalamu 70, pafupifupi onsewo ndi a mapulotoni ndi manyutuloni amene ali m'phata la maatomu a thupi lanu. Maelekitironi ozungulira kunja ndi opepuka zedi: pamafunika oposa 1,800 kuti afanane ndi pulotoni imodzi. Choncho kufunsa kuti munthu amalemera ndi chiyani n'kufunsa kuti pulotoni imalemera ndi chiyani, ndipo ife a fizikisi funsoli limatiimitsabe mutu.

Mu 1964, Murray Gell-Mann ndi George Zweig, aliyense payekha, ananena kuti m'pulotoni muli tinthu titatu, ma quark: awiri a mtundu wa up ndi imodzi ya down. Ambiri ankati ndi masamu chabe. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, asayansi a ku malo ofufuzira a SLAC ku California anawombera mapulotoni ndi maelekitironi, ndipo ena ankanjanja ngati agunda timiyala tolimba mkatimo.

Tsono tiyeni tiwonkhetse. Kulemera kwa tinthu totere timakuyeza ndi muyeso wotchedwa MeV. Pulotoni ili ndi 938. Quark ya up ili ndi 2 ndi pang'ono, ya down pafupifupi 5. Zonse zitatu pamodzi ndi 9 basi, gawo limodzi pa 100. Amene anamva mu 2012 kuti kanthu kotchedwa Higgs, kamene kanatulukiridwa chaka chimenecho, ndiko gwero la kulemera anamva zoona, koma zoonazo zikukhudza ma quark enieniwo, osati pulotoni yonse.

Nanga zina zonsezo? Ndi mphamvu. Einstein anasonyeza kuti mphamvu yotsekeredwa malo amodzi imalemera, ndipo m'pulotoni mwatsekeredwa yochuluka. Ma quark amathamanga pafupifupi liwiro la kuwala m'kamalo kochepetsetsa. Chimene chimawamanga pamodzi ndi tinthu tina totchedwa ma gluon, amene umboni wake unaoneka ku malo ofufuzira a DESY mumzinda wa Hamburg mu 1979. Ma gluon amakokananso okhaokha, amaswana, ndipo ma quark ena amabuka awiriawiri n'kuzimiranso nthawi yomweyo. Chipwirikiti chimenechi n'chimene sikelo imawerenga.

Mphamvu yomangayi ili ndi khalidwe lachilendo. Maginito mukawatalikitsa amasiya kukokana. Ma quark ayi: akayandikana amakhala ngati omasuka, zimene David Gross, Frank Wilczek ndi David Politzer anazindikira mu 1973, koma mukawapatula amakokanabe ngati labala. Mukalimbikira kukoka, labalayo amaduka, ndipo mphamvu mwawonongayo imasanduka ma quark atsopano pa nsonga zodukazo. N'chifukwa chake palibe anagwirapo quark ili yokha kuti ayiike pa sikelo.

Malamulo a zonsezi tikuwadziwa, amatchedwa QCD, ndipo amakwana m'mizere yochepa. Vuto ndi kuwasova. Pa cholembera ndi pepala zimakanika, moti mu 1974 Kenneth Wilson anabwera ndi njira yogawa malo ndi nthawi m'timabokosi kuti kompyuta iwerengere bokosi ndi bokosi. Mu 2008 gulu lina la ku Ulaya linagwiritsa ntchito njirayi pa makompyuta akuluakulu n'kupeza kulemera kwa pulotoni ndi abale ake monga nyutuloni, kogwirizana ndi kumene timayeza. Inali ntchito yotamandika. Komabe ine sindivomereza amene amati nkhani inathera pamenepo. Kompyuta yatiuza kuti malamulo ndi olondola. Sinatiuze momveka kuti gawo la ma gluon ndi liti, la kuthamanga kwa ma quark ndi liti, ndipo akatswiri amatsutsanabe ngakhale pa kagawidwe kake. Zoterezi tinazionapo kale: mu 1988 gulu la asayansi la EMC ku malo ofufuzira a CERN ku Ulaya linapeza kuti ma quark amanyamula gawo lochepa chabe la spin ya pulotoni (khalidwe lake lofanana ndi kuzungulira kwa nguli), pamene ambiri ankayesa kuti amanyamula gawo lalikulu.

Kuona ma gluon n'kovuta chifukwa alibe mphamvu ya magetsi, ndiye elekitironi siwakhudza mwachindunji. Ku Jefferson Lab ku Virginia amazembera njira ina. Amawombera pulotoni ndi kuwala kwamphamvu kuti apange kanthu kotchedwa J/psi, kopangidwa ndi ma quark olemera a charm, kamene kamalumikizana ndi pulotoni makamaka kudzera mwa ma gluon. Zotsatira zofalitsidwa mu 2023 zikusonyeza kuti kulemera kwa pulotoni kwaunjikana pakati, m'malo ochepa kuposa amene mphamvu yake ya magetsi yafalikira.

Kuti zitsimikizike pakufunika makina akulu. Mu 2020 boma la America linasankha Brookhaven ku New York kuti kumangidwe Electron-Ion Collider, yogundanitsa maelekitironi ndi mapulotoni komanso maphata a maatomu olemera monga golide. Ntchito yake idzakhala kujambula mapu a komwe ma gluon ali m'pulotoni ndi mmene amayendera, ndi kuona ngati pali malire pamene amathinana mpaka kulephera kuchulukanso.